Mchere Unandineneza, Chingwe Chinandiombola

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye, inu amayi anzanga a mu mpingo, a ku Mitundu ndi a ku Nathenje komwe. Nanunso abambo, pepala ili likakugwerani m'manja musalitaye poona kuti likunena za amayi, chifukwa mbali ina ndi yanu. Ine ndine Nangondo, mkazi wa a Banda. Kulemba sindidziwa, ndiye amene wagwira pensulo ndi mwana wanga Esinati, ndipo ndamuuza kuti alembe zonse monga ndikunenera, ngakhale zimene zikumuchititsa manyazi. Chaka cha 1957 ndinatsala pang'ono kutaya banja langa chifukwa cha mimba imene munalibe mwana. Mpaka lero ndikamaziganiza ndimagwira pakamwa.

Kwathu ndi kufupi ndi Nathenje, koma a Banda ananditenga chitengwa, ndikukakhala kwawo kumbali ya Mitundu. Chaka cha 1954 iwo anapita ku Halale kukagwira ntchito yophikira mzungu, ndipo zaka zitatu zinatha osabwera, ankangotumiza makalata ndi timaphukusi. Nyumba yoyandikana ndi yanga inali ya mlongo wawo, alamu anga Nabanda, amene amuna awo anali atamwalira. Ine ndi alamuwo ubwenzi wathu unali wa ponda apa nane m'pondepo. Tinkapalana moto, tinkametana tsitsi, ndipo wina akapha nkhuku mnzake ankadziwiratu kuti mwendo umodzi ndi wake.

Za kunenepa kwanga ndiyambire pa njala ya 1949. Amene munaiona mukudziwa. Tinadya madeya ndi mizu ya m'tchire, ndipo amayi anga anamwalira miyendo itatupa, akupempha phala. Pa manda awo ndinalumbira kuti Mulungu akandisiya ndi moyo, ine sindidzasiyanso chakudya m'mbale. Lumbiro limenelo ndinalisunga kuposa malamulo khumi. Zinthu zitayambanso kuyenda ndinamanga kachisakasa pamsika wa Mitundu, n'kumagulitsa tiyi ndi zitumbuwa, koma kasitomala wamkulu ndinali ine ndemwe. Chitumbuwa chopserera n'changa, chobenthuka n'changa, tiyi wotsala m'ketulo ndi wanga, shuga masupuni anayi. Kunyumba nsima ya ufa woyera mitanda isanu, ya nkhumba yonona pambali. Chigayo chinali chitafika, ndiye munsi ndinauiwala. Khasu ndinasiyira mkamwini, mwamuna wa Esinati, ndipo kumadzi ndi kunkhuni kunali ondipitira. Ntchito yanga inali kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Anthu ankandiyamikira. "Mayi inu ndiye mukudya bwino, a Banda akudziwa kusamala," ankatero, ine n'kumamwetulira. Nsalu imene kale inkatsala pomanga tsopano inkangokumana nsonga, koma ine kutchalitchi ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha thupi limeneli, poganiza kuti akundibwezera zimene njala inandilanda. Maondo anayamba kupweteka. Kuchoka pamsika kufika kunyumba ndinkapuma kawiri, ndili wefuwefu. Nthawi zina thupi linkangotentha mwadzidzidzi ngati ndalowa m'balani ya fodya, thukuta kamukamu, kenaka kuzizidwa. Ndinkakalipira anthu popanda chifukwa. Kusamba kwanga nako kunayamba kudumphadumpha, mwezi uno kwabwera, miyezi iwiri zii, mpaka mwezi wa Okutobala 1956 kunangosiyiratu. Ndiye mafuta onse anachita ngati apangana, n'kudzasonkhana pamimba. Sindinauze munthu. Ndinkati ndi malungo, n'kumamwa kwinini.

Tsopano mumve za mchere. Mwambo mukuudziwa, kuti mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa anthu mdulo, amaitana wina kuti amuthirire. Ife tinali akhristu, koma mwambo umenewu sitinausiye, ndipo musandinamize kuti inu munausiya. Ine ndi alamu tinkathirirana. Iwo akakhala m'masiku awo ankandiitana pa mpanda, ine ndikakhala mwa anga ndinkawaitana. Zaka ndi zaka tinkatero. Ndiye kusamba kutasiya ndinkangothira ndekha, osaganiza kanthu, mwinanso kukondwa kuti ndapumula. Iwo ankandiitanabe mwezi ndi mwezi, ine n'kumapita kukawathirira. Sindinadziwe kuti kuseri kwa mpanda kuli munthu amene akuwerenga miyezi.

Tsiku lina la mwezi wa Febuluwale, dzuwa lili pamutu, ndinabwerera kumsika n'kupeza mphasa zayalidwa pakhomo panga. Panali ankhoswe, alangizi awiri a mu mpingo, ndi alamu. Ndinayesa kwagwa maliro, mtima unathamangira ku Halale. Nditakhala pansi, alamu anayankhula osandiyang'ana.

"Alamu, miyezi isanu tsopano simunandiitane kudzathira mchere. Alongo anga ali ku Halale chaka chachitatu. Tiuzeni, mimbayi mwini wake ndani?"

Ndinaseka. Zoona, ndinaseka mpaka kuomba m'manja, poyesa ndi nthabwala za pachilamu. Nditaona kuti palibe wina akuseka, ndinaleka. Ndinayang'ana mimba yanga ngati ndikuiona koyamba. Inali itatsogola ndithu, yozungulira, nsalu ili pamwamba pa mchombo. Alamu anatchula ndi mwamuna yemwe, kapitawo wina wa msewu amene ankamwa tiyi pachisakasa changa m'mawa uliwonse, munthu amene ngakhale dzina lake lenileni sindinkalidziwa. Ndinalumbira, ndinalira, ndinagubuduka pansi. Mmodzi wa alangizi anati mwina ndikusiya kusamba, koma mnzake anakana. Anati osiya kusamba amauma ndi kuchita makwinya, pamene ine nkhope inali see ngati ya namwali, imvi ndilibe ngakhale imodzi.

Chimene chinandithyola msana n'chakuti kalata inali itapita kale ku Halale, ndipo yankho linali litabwera. Ankhoswe analitulutsa m'thumba n'kuwerenga. A Banda anati abwera mwezi wa Ogasiti, ndipo akadzapeza kuti ndi zoona, ine nditenge mphika ndi mthiko wanga ndizipita. Pakali pano ndikayembekezere kwathu. Kwa ine sanalembe liwu ngakhale limodzi. Munthu amene ndinabereka naye ana asanu ndi mmodzi, awiri tinaika m'manda limodzi, sanandifunse n'komwe kuti Nangondo, kodi zimenezi n'zoona? Lamlungu lotsatira akulu a mpingo anandiimitsa kudya Mgonero. Nkhani inali m'kamwam'kamwa msika wonse, ndipo amene ankayamikira thupi langa ndi omwewo ankaloza mimba ndi milomo.

Ndiulule tchimo langa. Masiku amenewo ndinafika pokayika ine mwini. Mwamuna sindinamudziwe, zimenezo ndinali nazo mboni kumwamba, koma nanga kusamba kunapita kuti? Ndikagona chagada ndinkamva kanthu kakuyenda m'mimba. Ndinayamba kuganiza kuti wina wandiponyera chinthu, kaya njoka kaya kamba, ndipo ndinafunsa kale njira ya kwa sing'anga wina wa ku Dzalanyama. Kupemphera kunandikanika. Chimene ndinkatha ndi kudya basi. Ndinkalira uku ndikutafuna, ndipo mimba inkakulirakulira, anthu n'kumati mwaona?

Tsiku lonyamuka ndinakana kuti Esinati andiperekeze, poti anali ndi khanda. Ndinasenza kamtolo kanga m'mawa n'kulowa njira yodutsa m'midzi yopita ku Nathenje, njira imene ndili mtsikana ndinkaiyenda ndikuimba. Tsiku limenelo dzuwa linafika pamutu ndisanafike ndi pakati pomwe. Ntchafu zinasupuka, mapazi anatupa, mtima unkagunda m'makutu. Nditawoloka dambo lina ndinaona mdima, n'kugwera pansi pa mtengo wa mkuyu. Pamenepo ndinasowa mtengo wogwira, ndipo pemphero limene linakana kutuluka masabata atatu linatuluka lokha. Ndinati, Ambuye, inu mukuona m'kati mwa mimbayi. Ngati muli mwana, ndiuzeni kumene wachokera. Ngati muli chilombo, chipheni. Koma musandilole kufera panjira ndi dzina la chigololo. Nditumizireni munthu.

Ine ndinkayembekeza mbusa, kapena mphunzitsi wa panjinga. Amene anatulukira anali mayi wachisilamu, wowonda ngati bango, mpango uli kumutu, dengu la mchere pamwamba pake. Ndinamudziwa. Anali Abiti Saidi, mkazi wa mwini kasitolo ka pamsewu ku Nathenje, amene ankabwera wapansi pamsika wa Mitundu kudzagulitsa mchere ndi usipa. Ndinkamunena ine ameneyu. Ndinkati amuna ake amamumana chakudya, ndipo chifukwa ankakana zitumbuwa zanga poopa mafuta a nkhumba, ndinkamutcha wonyada. Ndinatseka maso n'kuuza Mulungu kuti si ameneyu ndimanena. Koma iye anatula dengu, anandimwetsa madzi, anandimasula nsalu, n'kundifunsa chimene chandiyendetsa ndekha.

Ndinamuuza zonse, pakuti manyazi anali atandithera. Sanadabwe. Anandiuza kuti kwawo ndi mzamba, ndipo anandigoneka pa nsalu yake kuseri kwa mkuyu. Anakanda mimba yanga ndi zala zolimba ngati zikhomo, uku ndi uku, anaika khutu, anandiyang'ana mawere ndi m'maso. Anandifunsa ngati thupi limatentha mwadzidzidzi, ngati tulo timavuta, ngati ndimapsa mtima msanga. Chilichonse ndinkangoti eya, ndikudabwa kuti wamuuza ndani. Potsiriza anatsina mnofu wa pamimba panga dzanja lonse n'kuugwedeza.

"Mayi, mwana wanu ndi uyu. Bambo wake ndi shuga, mayi wake ndi mpando. Chimene chikuyenda m'katimo ndi mpweya wa zitumbuwa. Inu mukusiya kusamba, basi. Ine ndinadutsamo zaka zisanu zapitazo."

Kuti amayi amasiya kusamba ndinkadziwa, koma ndinkayesa zimabwera mano atatha m'kamwa, munthu akuyendera ndodo. Palibe anandiuzapo kuti zimabwera ndi moto m'thupi, kapena kuti mafuta amathamangira pamimba. Nditatha msinkhu anandilangiza masiku angapo. Polowa m'banja anandilangiza. Pa mimba yoyamba anandilangizanso. Koma za polekezera pake, amayi anzanga, panalibe anatsegula pakamwa, ndipo amayi anga amene ndikanawafunsa anali kumanda. Ndinalira ngati mwana, theka chimwemwe theka ukali. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ine ndinaziona pansi pa mkuyu umene uja.

Ndinafuna kubwerera nthawi yomweyo kukawauza, koma Abiti anandiletsa. Anati mawu a mayi wachisilamu wogulitsa mchere sangapose mimba imene anthu akuiona ndi maso. Anandionetsanso msampha umene ine sindinauone. Ndikakabisala ku Nathenje mpaka Ogasiti, mimba ikakula adzati ndi mwana, mwana akapanda kuoneka adzati ndataya kapena ndabisa. Kulikonse ndagwa. Ndiye anamasula chingwe cha khonje chimene anamangira dengu lake, n'kundizunguliza nacho pamchombo.

"Mimba ya mwana imakwera. Yotaya imagwa tsiku limodzi, mwini wake n'kugona. Ya mafuta yokha ndiyo imatsika chala chala. Chingwe ichi akasunge alamu anuwo, azikuyezani okha pamaso pa alangizi, azimanga mfundo ndi manja awo. Koma kuti mfundo ziyende, muyende ndinu."

Anandifikitsa kwathu pondigwira mkono, ndipo m'mawa mwake anabwera kudzandipatsa malamulo ake. Apa ndiye ndinadabwa koposa. Nsima mitanda iwiri yokha, ya mgaiwa, ufa woyera ayi. Ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsima, kaya nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, pambali nyemba kapena usipa. Zonona ndi zokazinga ndisiye. Tiyi kamodzi patsiku, shuga kansonga ka supuni. Njala ikandipeza pakati pa tsiku, ndimwe madzi ndi kudya gwafa kapena chinangwa chaching'ono. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti amayi anga anafa ndi njala. Anati akudziwa, nayenso anaika mwana chaka chomwecho, koma akufa sakhuta ndi zimene ife tikudya. Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinakhala tsiku lonse osamuyankhula. Kunena kuti munthu achepetse kudya chakudya chili m'nkhokwe, kwa ine zinali ngati kutukwana Mulungu.

Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayamba ndi kutunga madzi ndekha, kenaka kusinja, kenaka kupalira m'munda wa mng'ono wanga. Patapita masabata awiri ndinanyamuka ndi Abiti ulendo wa ku Mitundu, iye dengu lalikulu, ine kathumba ka mchere. Tinanyamuka kutangocha, tinafika dzuwa likulowa, chifukwa cha ine. M'mawa mwake ndinaitanitsa alangizi aja ndi alamu kunyumba kwa Esinati, n'kuwafotokozera za chingwe. Alamu ananyinyirika, koma alangizi anati palibe choipa. Anandizunguliza chingwe pamchombo, alamu anamanga mfundo yoyamba, anaikoka ndi mano kuti isasunthe, n'kupita nacho kwawo. Tinapangana kuti masabata awiri aliwonse tizikumana.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Ulendo wachiwiri mfundo inagwera pa inzake, osasuntha ngakhale kachikhadabo, ndipo alamu anaseka chapansipansi. Chifukwa chake ndinkachidziwa ine ndi Mulungu. Ndinkati ndikadutsa pa sitolo za pamsewu fungo la zokazinga n'kundikoka, ndinkagula n'kukadyera kuseri kwa nkhokwe ngati mbava, ine mayi wa zidzukulu. Abiti sanandikalipire. Unali mwezi wawo wosala kudya, ndipo ulendo umenewo anauyenda wonse osalawa ngakhale dontho la madzi, dengu lili pamutu. Ine ndili pambuyo pake ndi mitanda iwiri m'mimba, n'kumadandaula njala! Manyazi anandigwira. Titabwerera ku Nathenje ndinapita kumanda a amayi kukamasula lumbiro langa, ndinawauza kuti amayi, ndadya zokwanira tonse awiri, tsopano ndilekeni ndikhale ndi moyo.

Kuyambira pamenepo chingwe chinayamba kumvera. Chala chimodzi, ulendo wina zala ziwiri, ulendo wina theka la chala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutentha kwa thupi sikunathe ayi, ndisakunamizeni, koma maondo anapepuka, kupuma kunabwerera, tulo tinayamba kubwera. Kathumba ka mchere kanasanduka dengu. Pofika nthawi yokolola tinkafika ku Mitundu dzuwa likadali m'mwamba. Panjira Abiti ankaima kuti apemphere mapemphero ake, ine n'kukhala patali pang'ono kupemphera anga, ndipo ankandiseka kuti Mulungu wanga ndimamuuza zambiri ngati ndi wogontha. Alangizi anayamba kuyang'anana akaona mfundo zikutsatana ngati nyerere. Ine ndinati basi, nkhondo yatha.

Mwezi wa Juni, ndili kwa Esinati tsiku loyezedwa, ndinadzuka n'kupeza kuti kusamba kwabwerera. Patatha miyezi isanu ndi itatu! Ndinathamangira kwa Abiti pamsika, ndipo iye anati zimatero, kusamba sikuchoka ngati mlendo waulemu, kumatsazika n'kubwereranso. Ndinati ndibise. Anati ndikabisa kamodzi, chingwe chonse chasanduka bodza. Ndiye ndinabwerera, ndinatereka ndiwo, ndipo zitapsa ndinapita kukaima pa mpanda wa alamu, n'kuitana monga kale kuti alamu, dzandithirireni mchere. Anatuluka m'nyumba akuthamanga, osati kudza kwa ine, koma kupita pabwalo akukuwa kuti wataya, wataya, bwerani mudzaone.

Amayi anadzaza pakhomo. Alangizi analowa nane m'nyumba pamodzi ndi alamu, ndipo Abiti anasiya dengu lake pamsika n'kubwera. Anafunsa funso limodzi, kuti mimba ya miyezi isanu ndi itatu ikatuluka simakhala munthu wathunthu kodi, nanga ali kuti, ndipo ndi mayi uti angataye mimba yotere dzulo lake atasenza mchere kuchokera ku Nathenje. Alangizi anandiyang'ana thupi lonse. Mkaka munalibe, chizindikiro cha uchembere panalibe. Anauza alamu kuti ayeze. Chingwe chinazungulira, ndipo chinaima chala chimodzi kuchokera pa mfundo ya ulendo watha, monga mwa masiku onse.

Mukudziwa kuzizira kwa Juni, tonse tinali titafunda nsalu mpaka m'khosi. Koma alamu atagwada pamaso panga kuti amange mfundo, ndinaona nkhope yawo ikufiira, thukuta likutsika m'khosi ngati athiridwa madzi. Anayamba kudzikupiza ndi nsonga ya nsalu. Ine ndinayesa ndi manyazi. Abiti anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa mofatsa.

"Mayi, inuyo moto umenewu unakuyambani liti?"

Alamu anakhala pansi n'kuphimba nkhope, ndipo zimene ananena zinandiumitsa thupi. Iwo kusamba kunawasiya chaka chathunthu ine kusanandisiye. Poti anali amasiye, anaopa kuti anthu adzati ali ndi pakati pa m'tchire, ndiye ankandiitanabe mwezi ndi mwezi kuti ndikawathirire mchere, kunamizira. Miyezi yonse ija ine ndinkawoloka mpanda ndi chikho cha mchere kukathira m'ndiwo za munthu amene sanali kumwezi! Anati ataona mimba yanga ikukula pamene yawo sinakule, anakhulupiriradi kuti zanga n'zina. Mwina n'zoona. Koma ankadziwa ndi thupi lawo lomwe kuti kusamba kumatha kusiya popanda mwamuna, ndipo tsiku la mphasa lija zimenezi sanazitchule.

Alangizi anakafotokoza kwa akulu a mpingo, ndipo ndinabwezeredwa pa Mgonero ndi m'nyumba mwanga. Kalata yachiwiri inapita ku Halale, koma inasemphana ndi mwini wake. A Banda anafika mwezi wa Ogasiti akudziwa za kalata yoyamba yokha. Anandipeza ndikusinja pabwalo. Moni sanapereke. Maso awo anayambira kumsana kwanga kufuna mwana, anapita pamimba, anasuzumira m'nyumba. Nanenso ndinawayang'ana, ndipo ndinadabwa, chifukwa makombo a mzungu anali atawakonda, batani la jekete likuchita kulira. Alamu anabwera chokwawa ndi maondo, anaika chingwe m'manja mwa mlongo wawo, n'kuulula zonse okha. A Banda anakhala pa sutikesi yawo n'kumasisita mfundo imodziimodzi, kuyambira yoyamba ija yokoka ndi mano mpaka yomaliza.

"Nangondo, ndalakwa. Pepa."

"A Banda, kalata munaikhulupirira tsiku limodzi. Ine ndayenda miyezi isanu ndi umodzi kuti mukhulupirire chingwe."

Pepani sapoletsa chilonda, ndipo ine si mngelo. Ndinawauza kuti mphika ndi mthiko zimene ananena zija zili ku Nathenje, akazitenge okha, wapansi, njira yomwe anandiyendetsa, akathokozenso mayi amene anawasungira mkazi. Anapita, ine ndili patsogolo. Anapuma kasanu, ndipo pa mkuyu uja anakhala pansi ali wefuwefu, ine n'kuwauza kuti apa ndi pamene ndikanafera. Analira pamenepo, mwamuna wamkulu, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Titafika pasitolo anagwada n'kuthokoza Abiti ndi mawu ambiri. Abiti anamvetsera mpaka amalize, anawayang'ana pamimba, n'kutenga mpeni kudula chingwe china.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la pansi pa mkuyu, ndipo sananditumizire munthu amene ine ndinkafuna, ananditumizira amene ndinkamunyoza. Ndikuthokoza chifukwa cha banja langa, chifukwa cha maondo amene akundinyamulabe, ndi chifukwa cha alamu anga, amene zinanditengera chaka kuti ndiwapalirenso moto, koma lero ine, iwo ndi Abiti timayenda atatu ulendo wa ku Nathenje. Inu amene thupi layamba kukusinthirani, musaope ndipo musabise. Si ufiti, si tchimo. Chepetsani mitanda ndi shuga, chulukitsani masamba, dzukani pampando, ndipo mfundo ikakana kusuntha sabata ino musataye mtima, bwererani panjira. Ngati thupi likupweteka mwachilendo pitani kuchipatala akakuoneni. Inu alangizi, tinalangizidwa polowa, tilangizeninso potuluka. Inu abambo, musanaweruze funsani mkazi wanu.

Esinati akuti dzanja latopa, ndiye ndilekere pano. Chingwe chija chili pakhoma m'nyumba mwanga, amene akufuna abwere adzachigwire. Kusamba kunapita ulendo wosabwerera chaka chomwecho. Mchere tsopano ndimathira ndekha tsiku lililonse, ndipo kuseri kwa mpanda kulibenso amene akuwerenga. Ambuye akusungeni nonse.